Lamba wa ku Joni pamutu pa abambo

Abambo anga anali telala. Ndiyambe ndi zimenezo, chifukwa kwathu kuno kufupi ndi Mbombwe anthu tsopano amangowakumbukira ngati mdala uja ankazula nandolo wa eni ake, ndipo zimandinyansa. Ubwana wanga wonse ankakhala pakhonde la sitolo ya bambo wina wachisilamu, tepi yoyezera ili m'khosi, choko kukhutu. Ankasoka mayunifolomu a sukulu, mikanjo ya kumzikiti, zoyera za amayi a kutchalitchi kwathu, zonse popanda kusankha. Munthu ankangomuyang'ana kamodzi n'kudziwa kuti nsalu yomwe wabweretsa ikwana kapena ayi.

Kuiwala kunawayamba amayi akadali moyo, koma amayi ankabisa. Abambo akaika sizasi mumphika, amayi ankangochotsa mwakachetechete. Akafunsa kachitatu ngati mbuzi zamangidwa, amayi ankayankha kachitatu konse. Makina osokera anawalowetsa kuchipinda n'kuwafunditsa masaka, amvekere maso a bambo wanu atha. Amayi atamwalira m'pamene tinaona kukula kwake kwa chinthucho. Abambo anayamba kukhwekhwereza mapazi poyenda, akafika pakhomo n'kuima ngati pali dzenje, ndipo kawiri anagwa chafufumimba pabwalo. Ine anasiya kunditchula dzina. Ankanditcha mayi, mwaulemu wake wonse, ngati kasitomala.

Chovuta kwambiri chinali kamtolo. Tsiku lililonse dzuwa likapendeka ankatenga chitenje cha malemu amayi, kukulungamo malaya awiri ndi nsapato imodzi, kumanga bwinobwino, n'kuyamba ulendo. Ndikawapeza panjira ankati akupita kwawo. Ndinkawabweza, mawa lake chimodzimodzi.

Kwathu kuno mwamuna amakhala kwa mkazi. Abambo anabwera kudzakwatira m'mudzi muno ali mnyamata, kwawo ndi kuseri kwa Nguludi, ndipo nyumba imene ndinabadwiramo anaimanga okha pamalo a amayi. Mkazi akamwalira, akuchikazi amamusudzula mwamunayo: amamuthokoza, kumumasula, azibwerera kwawo. Ambiri okalamba amangotsala ndi ana awo, palibe amalankhulapo. Amalume anga, mlongo wawo wa amayi, amene ndi eni mbumba yathu, poyamba nawonso ankati palibe chofulumirira, alamu awo akhale.

Kenaka abambo anazula nandolo wa amayi aang'ono, mizere inayi yathunthu, akuyesa akupalira. Ndinapepesa mpaka kugwada. Patapita masabata angapo anapezeka atakhala m'khitchini mwa eni ake, akudikira tiyi. Ndinapepesanso. Koma tsiku lina masana dzuwa lili pamutu, amayi ochokera kumjigo anawaona ali kumanda okhaokha, atagwada pamtumbira wa amayi, akuuyeza ndi tepi yawo ija. Mukudziwa inu zimene anthu amanena za munthu wolowa kumanda yekha. Pamene ndinkafika ndikuthamanga, anyamata anali atatola kale miyala. Ndinaima pakati ndikukuwa kuti ayambe kugenda ine, ndipo ndinawatukwana mawu amene mpaka lero sindinawalape. Anabwerera, koma dzina la ufiti linatsala.

Amalume anandiitana mawa lake. Anati nkhaniyi yafika poipa, tsiku lina ndidzapeza mtembo panjira. Anati tikakolola nandolo timange chiliza cha amayi, ndipo tsiku lomwelo tidzawasudzule alamu awo apite kwa abale awo. Ndinati abale ake ati? Achemwali awo onse anatha, kwatsala adzukulu amene amangowaona pamaliro. Ndinalira, ndinakalipa, ndinawakumbutsa kuti suti imene anakwatira nayo anawasokera ndani. Amalume si munthu woipa, ndinene zoona, ngakhale nthawi imeneyo ndinkawaona ngati Satana. Anati iwo sakuthamangitsa munthu, mwini wake ndiye akumanga katundu tsiku ndi tsiku pamaso pa mudzi wonse, ndipo mkamwini akamanga katundu ndiye kuti wapempha njira.

“Tsiku limenelo ndidzawafunsa pagulu,” anatero. “Akadzakudziwa kuti ndiwe mwana wawo, n'kunena ndi pakamwa pawo kuti akhala, ine sindidzawonjezera mawu.”

Nandolo anali atayamba kale maluwa. Ndinali ndi miyezi iwiri, mwina ndi kanthu, yoti abambo anga andidziwe.

Mlongo wanga wamng'ono ali ku Joni, amagwira ntchito m'minda ya maluwa ya azungu. Nditamufotokozera pafoni, patapita masiku awiri ananditumizira kavidiyo. Munali agogo achizungu atavala zinthu zamawaya kumutu, madokotala ataima pambali. Mlongo wanga anati kumeneko akuyesa kudzutsa ubongo wa okalamba oiwala ndi timagetsi tochepa kwambiri, osang'amba mutu, osabaya, tongodutsa pakhungu. Anati ena akumakumbukira bwinoko ndipo ena akumayenda osagwa. Kavidiyoko ndinakaonera mpaka foni kuzima, kukatchajitsa kwa ometa, kudzaoneranso. Chingerezi chake sindinkamva chonse, koma ndinkaona agogo aja akudzuka pampando okha.

Mlongo wangayo anagula kachipangizo kotero n'kupatsira anthu onyamula katundu wa ku Joni. Ndinakakatenga ku Limbe, ndipo mu minibasi ndinakafukata pamiyendo ngati khanda. Kunyumba nditatsegula, mtima unagwa pang'ono. Kanali kabokosi kochepa ngati sopo wosambira, mawaya awiri, timasiponji tiwiri, ndi lamba womanga kumutu. Basi. Ndinkayembekezera chinthu chooneka kuti chingalimbane ndi amalume.

Ndisananyowetse n'komwe timasiponjito ndinapita nako kuchipatala chathu chaching'ono, kwa adokotala amene ankawapatsa abambo mankhwala a BP. Anakatembenuza, kuwerenga kapepala kake, n'kundifunsa ngati abambo anayamba akomokapo kapena kugwa khunyu. Ndinati ayi. Anandiuza mosabisa kuti zinthu zimenezi n'zoona zikufufuzidwa kunjako, koma zikadali zoyesa, amazichita madokotala akuyang'anira, ndipo ngakhale kumene zathandiza, zathandiza pang'ono, sizinachize munthu. Anati za kabokosi kogula paokha iwo sangazivomereze, sakudziwa kuti kamatulutsa chiyani. Anati chimene abambo akufunika ndi kuwayendetsa tsiku lililonse wina atawagwira mkono, kuwapatsa zochita zimene manja awo anazolowera, ndi kuchotsa zopunthwitsa pabwalo.

Ndinapsa mtima. Ndinati ine ndabwera ndi chinthu cha ku Joni, inu mukundiuza za kusesa pabwalo? Ndinatuluka osatsanzika. Za zochita zimene manja anazolowera zija zinalowera khutu ili n'kutulukira linalo.

Tsiku loyamba ndinanyowetsa timasiponji m'madzi a mchere monga ananenera mlongo wanga, kuwamanga abambo lamba uja, n'kudina batani. Abambo anakhala kamphindi, kenaka anati nyerere zikuwaluma pachipumi, n'kuzula zonse kutayira pansi. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anadzuka mawaya ali lendelende, kukafuna kamtolo kawo. Pankafunika kuti akhale mphindi makumi awiri osasuntha, ndipo munthu amene sankatha kukhala pansi ngakhale pa chakudya ndikanamukhazika bwanji? Kuwamanga ndi chingwe ndinakuganizira ndithu, Mulungu andikhululukire.

Ndiye ndinakumbukira makina aja. Sindinaganize zakuya ayi, ndinkangofuna chowanyengerera kuti akhale pansi. Ndinachotsa masaka, kupukuta fumbi ndi zitosi za makoswe, kuthira timafuta, n'kuwakokera pakhonde lakuseri kumene anthu odutsa sangaone mawaya. Ndinawakhazika abambo pampando, kuika chigamba cha chitenje pansi pa singano, n'kuwamanga lamba. Sanaukhudze n'komwe. Anayang'ana makinawo nthawi yaitali, dzanja lamanja linapita lokha pawilo, mapazi aja okhwekhwereza anakwera pachopondera, ndipo makina analira. Analira bwino, mosadukiza, monga ndinkawamvera ndikuchokera kusukulu. Mphindi makumi awiri zinatha, kabokosi kanazima kokha, iwo akusokabe.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndikachoka kumunda inali ntchito yathu. Ine kulowetsa ulusi pasingano, chifukwa maso analidi atatha, kunyowetsa timasiponji, kumanga lamba, iwo kuponda. Zigamba zitatha ndinayamba kuwapatsa matumba a feteleza. Sabata yachiwiri anaima pakati pa mzere n'kundiuza kuti ulusi wapansi walimba kwambiri, ndimasule kasikuluwu ka bobini. Chiganizo chathunthu, cholongosoka! Tsiku lina ananena za sitolo ija, kuti mwini wake ankawapatsa zipatso za tende mwezi wa Ramadani ngakhale ankadziwa kuti iwo ndi a Baptist. Tsiku linanso anafunsa ngati amayi anga abwera kuchokera kuchigayo, ndipo anati “amayi ako”. Amayi ako, osati mayi uja. Ndinathawira kuseri kwa nkhokwe kukalira. Akadzuka pamakinapo ankayenda mpaka pakhomo mapazi akunyamuka, kapena ndi mmene ndinkaonera ine. Dzuwa likapendeka kamtolo kankamangidwabe, koma ndinkati zimenezo zitha, mankhwala sagwira tsiku limodzi.

Ndinamuimbira mlongo wanga ndikuseka ndi kulira nthawi imodzi, kumuuza kuti lamba wake akugwira ntchito. Ndinkasamala kabokosiko kuposa china chilichonse m'nyumbamo. Ndinkakatchajitsa ndekha, kudikirira pomwepo kwa ometa mpaka kadzaze, kukakulunga m'mpango. Ndinafika podzitama kwa amayi aang'ono pamjigo kuti adzaona okha tsiku la chiliza. Za adokotala aja ndinkati m'mtima, ophunzira enawa nsanje basi.

Nandolo tinakolola, tinamenya, chiliza chinamangidwa. Dzulo lake la mwambo anthu anayamba kufika, ndipo pakhonde lakuseri panafunika malo oikapo mapoto ndi nkhuni. Makina ndinawabwezera kuchipinda, n'kuunjikapo mphasa ndi zikwama za alendo. Sindinaganizepo kawiri. Kwa ine makinawo anali chonyengerera chabe, mphamvu inali m'kabokosi.

M'mawa wa tsikulo ndinawatsekera abambo m'chipinda changa kuti alendo asaone mawaya n'kuyambanso za ufiti. Ndinawakhazika pabedi, kuwamanga lamba, n'kuwagwira manja onse awiri mwamphamvu kuti asazule. Ankalimbana nane, akundipempha mwaulemu kuti mayi ndisiyeni. Kabokosi katazima ndinawafunsa kuti ine ndine ndani. Anangoyang'ana chitseko. Ndinanyowetsanso timasiponji n'kudinanso kachiwiri, chinthu chimene kapepala kaja kanaletsa ndipo ndinkadziwa. Pochotsa lamba pachipumi panali patafiira malo awiri. Ndinawaveka chipewa kuti pasaoneke, ndinawaveka jekete lawo labwino, n'kuwatulutsa nditawagwira mkono.

Titachoka kumanda, akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango. Kuchimuna kunabwera mdzukulu wawo wa abambo, mwana wa malemu achemwali awo, mayi wamkulu kuposa ine, ndi mwamuna wake. Amalume analankhula bwino, sindinganame. Anayamikira alamu awo kuti anasunga mlongo wawo mpaka kumuika, analera ana, sanamenyepo munthu m'mudzi muno. Kenaka anandiuza kuti ndigwade patsogolo pa abambo. Ndinagwada pafupi kwambiri, mpaka mawondo anga kukhudza nsapato zawo.

“Alamu,” anatero amalume, “amene wagwada apayu mukumudziwa?”

Abambo anandiyang'ana. Ndinkawayang'ana m'maso ndikupemphera chamumtima, ndikutchula dzina langa ndi milomo yokha kuti mwina aone. Anamwetulira, anagwira chipewa chawo mwaulemu.

“Mayi awa amandisunga bwino,” anatero. “Koma kwawo sindikudziwa.”

Amalume anafunsanso ngati akufuna kukhala m'mudzi muno. Abambo anayang'ana uku ndi uku, anthu ambirimbiri aja akuwayang'ana, n'kuyamba kufufuza pansi pa mpando. Anati wina wawatengera katundu wawo, akufuna apite dzuwa lisanalowe.

Zimene ndinachita pamenepo sindinyadira. Ndinaimirira n'kukuwa kuti dzulo lomweli ankalankhula bwinobwino, kuti mwawaopseza ndi chigulu chanuchi, kuti amalume akufuna nyumbayi aikemo mwana wawo. Zimenezo zinali zabodza ndipo ndinkadziwa kuti n'zabodza. Amayi a kutchalitchi anandigwira n'kundikokera kuseri. Ndili kumeneko ndinamva m'manja mukuwombedwa, ndiye kuti mawu omasula anenedwa. Abambo anga, amene anakhala m'mudzi uno zaka zoposa zanga, anali mlendo tsopano.

Mwambo umati mwamuna amachoka ndi zovala zake ndi zida za ntchito yake. Choncho mawa lake makina aja anatuluka m'chipinda. Tinawamasula, mutu pawokha, miyendo payokha, n'kumangirira pa njinga yamoto ya kabaza. Pa njinga ina tinakwera atatu, woyendetsa, abambo pakati, ine kumbuyo nditawakumbatira kuti asagwe. Kamtolo kawo anakagwira okha pachifuwa. Njira yonse mpaka kudutsa Nguludi anali osangalala ngati mwana wopita kumsika, ndipo ine ndinkanyowetsa jekete lawo ndi misozi.

Titafika, sanadziwe chilichonse. Mdzukulu wawo anawaonetsa pamene panali nyumba ya amayi awo, pano pali munda wa chinangwa. Anawaonetsa mwala waukulu umene ankati ankasewerapo. Abambo ankangogwedeza mutu mwaulemu, kamtolo kali m'manja, kenaka anandinong'oneza kuti mayi, tiyeni tizipita, eni ake pano sitikuwadziwa. Ndiye kwawo kumene ankamangira katundu masiku onse aja kunali kuti? Mpaka lero sindidziwa. Anagwira chitenje changa osafuna kusiya, ndipo wakabaza anali atanena kale kuti sadikira nthawi yaitali, kumwamba kunali kutada.

Ndinaganiza zowanyengerera monga kale, kuti akhale pansi ine ndizembe. Mwamuna wa mdzukulu uja anandithandiza kulumikiza makina pakhonde. Ndinalowetsa ulusi, ndinang'amba chigamba kumpendero wa chitenje changa chomwe, n'kuwakhazika. Dzanja linapita pawilo, mapazi pachopondera, makina analira. Ndinamufotokozera mdzukuluyo motsitsa mawu za mankhwala a BP, za kuti phala amalifuna lozizirako, za kuti dzuwa likapendeka aziwayang'anira. Ndinatola chikwama changa n'kuyamba kutsika pakhonde chammbali.

Makina anaima. Ndinamva dzina langa. Silinali dzina la pa chitupa ayi, linali lija la paubwana limene ankanditcha iwo okha, limene ndinali ndisanalimve zaka zitatu.

“Ukupita kuti osayezedwa? Bwera kuno. Sukulu atsegulira Lolemba, ukavala chiyani?”

Ndinatembenuka. Ankandiyang'ana ine, mwana wawo, ndi nkhope ija yonyansidwa pang'ono imene ankaonetsa ndikamachedwa. Pamutu pawo panalibe kanthu, chipewa chokha. Lamba uja anali m'chikwama changa, pamodzi ndi kabokosi ndi timasiponji touma.

Ngati timagetsi tija tinathandizapo kanthu masabata onse aja, sindidziwa, ndipo sindidzadziwa. Chimene ndinadziwa nditaima pamenepo n'chakuti dzana lake ndinali nditakwirira makina ndi mphasa za alendo, dzulo lake n'kutsekera bambo anga m'chipinda ndikuwapana manja. Ndikanangowasiya makinawo pansi pa mango paja, amalume n'kufunsa funso lawo abambo akuponda! Adokotala anandiuza, ine n'kutuluka osatsanzika. Ndinafuna kukuwa kuti wina athamange akaitane amalume adzamve, koma amalume anali kutali, mawu anali atanenedwa kale pamaso pa mudzi, ndipo ndinkadziwa kuti akadzuka pampandopo ndikhalanso mayi wosadziwika kwawo.

Ndinaika chikwama pansi n'kupita. Anachotsa tepi m'thumba la jekete, tepi yomwe ija ya kumanda, n'kundiuza kuti nditambasule manja. Ndinatambasula, mayi wa ana anayi, pakhonde la eni ake. Anayeza mapewa, anayeza mkono, anandiuza kuti ndiime mowongoka ndisiye kugwedera. Anadandaula kuti ndikukula msanga, nsalu sizikundichedwa. Kumsewu wakabaza analiza hutala kachiwiri, ndipo madontho oyamba anali atayamba kugwa pamalata.

“Ubwere Loweruka udzatenge,” anatero, n'kubwerera pachigamba chawo.

Ndinati chabwino ababa, ndibwera. Ndinatola chikwama n'kuyenda kupita kumsewu, makina akulira kumbuyo kwanga. Sindinacheuke, chifukwa ndikanacheuka akanadzuka n'kunditsatira.